Kontirola yosakhala ya Sony: ndigule kapena ndikonzetse yakaleyi?

Funso: Ndili ndi PS4 komanso laputopu ya Windows, ndipo gemu yomwe ndimasewera kwambiri ndi ya mpira, FC. Kontirola yomwe inabwera ndi PS4 yanga yayamba kuvuta: analogi (kandodo koyendetsera ndi chala chachikulu) ya kumanzere ikumayendetsa wosewera ine ndisanaikhudze. Pashopu ina m'tauni muno mu Lilongwe ndaona kontirola yatsopano ya kampani ina, osati Sony. Pabokosi alemba kuti imagwira pa PS4, PC, Android ndi Switch, kuti ili ndi Hall effect, ndipo mtengo wake ndi pafupifupi theka la orijino. Chaka chamawa ndikufuna kugula PS5. Ndigule?

Yankho: Musatulutse ndalama kufikira kontirolayo itasewera pa PS4, inu mukuona, kwa mphindi zosachepera 15. Ngati mukuigula poganiza kuti idzakutumikiraninso pa PS5, ndalamayo isungeni, chifukwa magemu a PS5 sadzailandira. Pa laputopu nkhani ndi ina, kumeneko makontirola a makampani ena ndi abwino ndithu, ena amaposa ndi a Sony omwe. Koma musanaganize zogula, kontirola yanu yakaleyo ikhoza kukonzeka ndi ndalama yochepa, ndipo ife tikadayambira pamenepo.

Anthu ambiri amatayira ndalama pa nkhani ya chilolezo, ndiye tiyambe ndi imeneyo. PS4 silandira kontirola iliyonse mwachisawawa. Mukailumikiza, makinawo amatumiza funso lachinsinsi, ndipo kachipangizo kena ka mkati mwa kontirola kamayenera kuyankha molondola, kenako funsolo limabwerezedwa nthawi ndi nthawi mukusewera. Makampani omwe anagwirizana ndi Sony, monga Hori, Nacon ndi Razer, anapatsidwa njira yoyankhira, ndipo pabokosi lawo pamakhala chizindikiro cholembedwa kuti PlayStation Official Licensed Product. Opanda chilolezo amachita kukopera. Ena amakopera bwino moti kontirola imagwira popanda vuto. Ena amalephera, ndipo kulephera kwake kumaoneka chonchi: kontirola imasewera bwinobwino kwa mphindi pafupifupi 8, kenako mabatani onse amangoti zii, mpaka muizule n'kuilumikizanso. Mukaika hafu ya mphindi 6 pa FC, zimenezi zikugwerani hafu yachiwiri itangoyamba. Wogulitsa akakuyeserani pakauntala kwa mphindi ziwiri simungaone kalikonse, n'chifukwa chake tikuumirira pa mphindi 15.

Ngakhale itapyola mayeso amenewa, kontirola yopanda chilolezo imakhala ndi chiopsezo china. Sony ikatulutsa pulogalamu yatsopano ya PS4, njira yokoperayo ikhoza kusiya kugwira. Kampani yodziwika imatulutsa firmware (pulogalamu ya mkati mwa kontirola) yatsopano yomwe mumaika kudzera pa kompyuta ndipo zinthu zimabwerera mwakale. Kampani yopanda dzina, yomwe pabokosi sinalembe adiresi kapena tsamba la pa intaneti, sidzatulutsa chilichonse. Tembenuzani bokosilo muone ngati pali dzina la kampani, nambala ya mtundu wa kontirolayo, ndi tsamba lomwe lingatseguke pa foni yanu muli m'shopu momwemo. Zitatuzi zikasowa, dziwani kuti ikadzavuta mudzakhala nokha.

Za PS5 n'zachidule. Makinawa anatuluka mu November 2020 ndi kontirola yake ya DualSense, ndipo magemu opangidwira PS5 amafuna DualSense kapena kontirola ya chilolezo cha PS5. DualShock 4 yanu ya orijino, kontirola ija inabwera ndi PS4, imagwira pa PS5 pokhapokha mukusewera gemu ya PS4. Ngati ya Sony yeniyeni imakanidwa pa gemu ya PS5, ya pashopu ija singalowe. Makontirola a chilolezo cha PS5 alipo, monga Nacon Revolution 5 Pro, Razer Wolverine V2 Pro ndi Victrix Pro BFG, koma ndi okwera mtengo kuposa DualSense, ndipo pa magemu a PS5 sanjenjemera komanso L2 ndi R2 zake (mabatani aakulu a pamwamba odina ndi zala za mkombaphala) sizilimba ndi kufewa motsatira gemu ngati za DualSense. Amagulidwa ndi anthu a mipikisano omwe akufuna mabatani akumbuyo, osati munthu wofuna kupulumutsa ndalama. Kwa amene ali ndi Xbox, lamulo ndi lofanana: kuyambira November 2023 Microsoft inayamba kutseka zipangizo zopanda chilolezo, ndipo pasikirini pamatuluka nambala 0x82d60002. Kumeneko yang'anani chizindikiro cha Designed for Xbox.

Pa laputopu palibe funso lachinsinsi, koma pali chinenero. Magemu ambiri a Windows amamva XInput, njira yomwe Microsoft inabweretsa mu 2005 pamodzi ndi Xbox 360. Njira yakale ndi DirectInput. Kontirola yongodziwa DirectInput imaoneka pa kompyuta, koma gemu imaisowa, kapena mabatani amasokonekera: mukufuna kupatsira mnzanu mpira, wosewera akuwombera kugolo. Makontirola olembedwa mayina a makina ambiri nthawi zambiri amakhala ndi kasiwichi kumbuyo, kapena mumagwira mabatani awiri poyatsa kuti musankhe chinenero. Kapepala ka m'bokosi kamanena mabatani ake, ndipo musakataye. Kuti muone ngati Windows yailandira, dinani batani la Windows ndi R, lembani joy.cpl, mutsegule. Ikaoneka ngati kontirola ya Xbox, ndiye kuti XInput ilipo ndipo FC iilandira popanda kuvutika. DualShock 4 yanu nayo imagwira pa laputopu kudzera pa Steam kapena pulogalamu yaulere ya DS4Windows. Pa Bluetooth mumagwira Share ndi batani la PS pamodzi mpaka getsi lake liyambe kuphethira mofulumira.

Dziwaninso kuti makontirola otchuka a makampani odziwika, monga 8BitDo, GameSir ndi GuliKit, ambiri anapangidwira kompyuta, Switch, foni kapena Xbox, osati PlayStation. 8BitDo Ultimate 2C, yomwe inatuluka mu 2024 pa mtengo wa madola pafupifupi 30 ku America, ndi yabwino kwambiri pa Windows ndi Android koma pa PS4 sigwira. GameSir G7 SE ndi ya chingwe, ya Xbox ndi kompyuta. Choncho bokosi la kampani yosadziwika likamati limatha zonse, PS4 ndi Switch ndi PC ndi foni, pa theka la mtengo, likulonjeza chinthu chomwe makampani odziwikawo salonjeza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa foni musayembekezere zambiri: foni imailandira, koma gemu ndiyo imasankha, ndipo PUBG Mobile ndi Free Fire sanapangidwe kuti azisewera ndi kontirola.

Tsopano vuto lanu lenileni, lomwe osewera amalitcha drift. Mukachotsa kachipewa ka rabala ka analogi n'kutsegula kontirola, mupeza kabokosi kachitsulo kokula ngati chala chachikulu. M'mbali mwake ziwiri muli timapulasitiki tiwiri, kamodzi koyeza kumanja ndi kumanzere, kena koyeza kutsogolo ndi kumbuyo. Mkati mwa kalikonse muli kamzere kakuda kozungulira ka kaboni, ndi kachitsulo kopyapyala ngati tsitsi komwe kamakhula pa kamzereko. Mukapendeketsa analogi, kachitsulo kamasuntha, mphamvu ya magetsi yodutsa imasintha, ndipo kontirola imawerenga nambala. Analogi ikakhala pakati nambalayo iyenera kukhala ziro. Koma kukhulana kwa tsiku ndi tsiku kumaperesa kaboni, tizidutswa take timasanduka fumbi lakuda momwemo, ndiye likasakanikirana ndi fumbi la panja ndi thukuta la m'manja, nambala ya pakati imachoka pa ziro. Gemu imangomva kuti mukukankha, wosewera n'kuyamba kuyenda.

Timabokosi timeneti m'makontirola a Sony ndi Microsoft nthawi zambiri timachokera ku kampani ya ku Japan ya Alps, ndipo pepala la kampaniyo limati mtundu wofala wa analogiyi umapirira kuzungulira ka 2,000,000. Nambalayi imaoneka yaikulu, koma gemu ya mpira siipatsa analogi ya kumanzere mpata wopuma, chala chimakhala chikuipotokola kuyambira kherere loyamba mpaka lomaliza. N'chifukwa chake ya kumanzere ndiyo imayamba kufa, ya kumanja ili bwinobwino. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, kontirola yosiyidwa pamtunda imakalamba msanga kuposa yosungidwa m'kabati kapena m'kachikwama.

Hall effect inabwera kudzathetsa kukhulanako. Dzinali ndi la Edwin Hall, amene mu 1879 anapeza kuti maginito amasintha kayendedwe ka magetsi m'chitsulo. Mu analogi yotere mulibe kaboni wokhulidwa. Muli kamaginito komwe kamasuntha pafupi ndi kachipangizo koyeza, osakhudzana. Si nzeru yatsopano: kontirola ya Sega Dreamcast ya mu 1998 inali nayo kale, koma inatchukanso cha mu 2022 pomwe GuliKit ndi 8BitDo anayamba kuiika m'makontirola otsika mtengo. Masiku ano mumvanso za TMR, yomwe nayo imagwiritsa ntchito maginito koma imadya batire pang'ono. Apa ndi pomwe makampani ena aposadi Sony, Microsoft ndi Nintendo, chifukwa makontirola wamba a atatuwa akadali ndi analogi zokhulana. Ngati kontirola ya pashopuyo ili ndi Hall effect yeniyeni, ndi mfundo yaikulu yoiyamikira.

Koma Hall effect imachiza nthenda imodzi yokha. Pansi pa analogi pali sipuling'i yomwe imaibwezera pakati mukaisiya. Sipuling'i ikatopa, kapena pulasitiki yozungulirapo ikaperepeseka, analogi siimanso pakati penipeni, ndipo kamaginito kamanena zoona kuti yapendekeka. Wosewera ayendanso yekha. Kampani yosasamala ikhoza kuika choyezera chabwino m'kabokosi kofooka. Komanso mawu pabokosi salipiritsa kusindikiza, aliyense akhoza kulemba Hall effect.

Njira yoyesera ilipo, ndipo laputopu yanu ndiyo chida chake. Pitani nayo kushopu, lumikizani kontirola ndi chingwe, tsegulani tsamba la Gamepad Tester pa Chrome, dinani batani lililonse kuti ioneke. Analogi iliyonse ionetsa manambala awiri, kuyambira -1 kufika 1. Choyamba, musaikhudze, muone nambala ya pakati. Pa kontirola yatsopano iyenera kukhala pafupi ndi ziro, osapyola 0.05. Kenako ikankheni mpaka kumapeto n'kuisiya, kakhumi mbali zosiyanasiyana, muone ngati ikubwerera malo amodzimodzi. Ikamaima pena lero pena mawa, sipuling'i yake ndi yofooka. Tengani kamaginito kakang'ono, ngati ka pachitseko cha kabati, mukayandikitse m'mbali mwa analogi osaikhudza. Pa makontirola ambiri a Hall effect manambala amagwedezeka pang'ono, pomwe a kaboni sasuntha n'komwe.

Mayeso ofunika kwambiri kwa munthu wa mpira ndi awa. Kankhani analogi pang'onopang'ono ngati mukuopa kudzutsa mwana, maso ali pa manambala. Yabwino imayamba kuwerenga nthawi yomweyo: 0.03, 0.06, 0.10, kumakwera mwadongosolo. Yoipa imakhala pa 0.00 kwa kanthawi ngakhale chala chasuntha kale, kenako imalumphira pa 0.20 kapena kuposa. Kampani yatseka dala dera la pakati kuti drift isaoneke, ndipo dera lakufali limatchedwa deadzone. Ziro wangwiro amene sagwedezeka ngakhale mutagogoda analogi si chizindikiro cha ubwino, nthawi zambiri ndi chobisira. Mu FC zotsatira zake ndi zakuti wosewera sangayende pang'onopang'ono ndi mpira: amaima, kenako n'kuthamanga. Yesaninso kukankha chopingasa pang'ono, osati molunjika kutsogolo. Makontirola ena amakokera nambala ku mzere wolunjika, ndiye pasi yomwe mumafuna ipite pakati pa oteteza awiri imapita kwa mdani. Pomaliza zungulitsani analogi m'mphepete monse katatu, tsambalo lijambula bwalo. Likhale lozungulira ndi lofanana mbali zonse, osati lophwanyika ngodya imodzi.

Muli pomwepo, dinani L2 ndi R2 pang'onopang'ono. Ziyenera kukwera kuchoka pa 0 kufika pa 1 mosalumpha. Makontirola opangidwira Switch nthawi zambiri amakhala ndi mabatani ongoyatsa ndi kuzimitsa pamenepa, chifukwa Switch siwerenga kuzama kwa kudina. Pa gemu ya magalimoto zimenezi zikutanthauza kuti mafuta ndi onse kapena palibe. Pa PS4 yesani touchpad, ija ya pakati: yendetsani chala pa kiyibodi ya pasikirini muone ngati ikutsatira, chifukwa yachinyengo imangodinika koma siimva chala. Lowetsani mahedifoni pa kabowo ka pansi mumve ngati mawu akutuluka. Zimitsani PS4 n'kuyesa kuiyatsa ndi batani la PS la kontirolayo. Izi ndi zomwe opanga zotsika mtengo amayamba kudula.

Tibwerere ku kontirola yanu yakale. DualShock 4 ya orijino ndi yomangidwa bwino, ndipo drift siitanthauza kuti yafa. Yambani ndi zosafuna kutsegula. Kumbuyo, pafupi ndi L2, kuli kabowo kakang'ono. Lowetsani kawaya, gwirani masekondi 5, kenako lumikizani ndi chingwe n'kudina PS. Izi zimathandiza ngati vuto lili m'pulogalamu, ngakhale kawirikawiri silikhala mmenemo. Chachiwiri ndi kutsuka. Zimitsani kontirola, pendeketsani analogi, donthezani madontho awiri kapena atatu a isopropyl alcohol ya 90 peresenti kapena kuposa m'munsi mwake, zungulitsani kwa mphindi imodzi, muisiye iume mphindi 15. Musathiremo mafuta a makina, palafini kapena madzi. Mafuta amagwira fumbi ndipo amawonjezera vuto. Kutsuka kukathandiza, mwina kukupatsani milungu kapena miyezi ingapo, chifukwa kumachotsa fumbi koma sikubwezeretsa kaboni yemwe waperepeseka.

Kukonza kokhalitsa ndi kusintha kabokosi konse ka analogi. Kontirola imatseguka ndi masikuluwu 4 akumbuyo. Potsegula pamafunika kudekha, chifukwa chikuto chakumbuyo chimalumikizana ndi bolodi ndi kariboni kopyapyala komwe kamaduka msanga, ndipo timasipuling'i ta L2 ndi R2 timathawa. Kabokosiko kanawotchereredwa pa bolodi ndi miyendo 14, ndipo yonse iyenera kumasulidwa bwino kasanazulidwe. Wokonza akafulumira n'kukoka mtovu usanasungunuke, amazula timizere ta kopa ta pa bolodi, ndipo pamenepo kontirola yafadi. Choncho pitani kwa wokonza mafoni amene ali ndi makina a mpweya wotentha ndi kapampu koyamwa mtovu, mumufunse ngati anasinthapo analogi. Njira yapafupi ndi kusintha kapulasitiki ka m'mbali kokha, ka miyendo 3, kumbali yomwe ikuvuta. Aliponso timabokosi ta Hall effect topangidwira DualShock 4, tomwe mungaitanitse pa intaneti. Mukasintha, analogi yatsopano imafuna kuphunzitsidwa pakati pake. Pali pulogalamu yaulere ya DualShock Calibration yomwe imagwira pa Chrome kontirola italumikizidwa ndi chingwe. Wokonza akadumpha gawo limeneli mudzabwerera kunyumba ndi drift yatsopano pa analogi yatsopano. Zonse zikayenda bwino mukhala ndi kontirola ya chilolezo chonse, yogwira pa PS4, pa laputopu ndi pa magemu a PS4 mukadzagula PS5.

Chenjezo limodzi pa mawu akuti orijino. Msika wadzaza ndi ma DualShock 4 a feki olembedwa Sony, m'mabokosi ofanana ndi enieni. Amenewa ndi oipa kuposa kontirola ya kampani ina yomwe yalemba dzina lake poyera, chifukwa mumalipira mtengo wa dzina koma mkati muli zotsika. Yeniyeni kumbuyo ili ndi chomata cholembedwa CUH-ZCT1 kapena CUH-ZCT2, imalemera pafupifupi magalamu 210, ndipo mtundu wachiwiriwo, womwe unatuluka mu 2016, uli ndi kamzere kowala pamwamba pa touchpad. A feki amakoperanso chomatacho, ndiye musadalire icho chokha. Gwirani yanu yakale m'dzanja limodzi, yatsopanoyo m'dzanja lina. Ya feki imapepuka, pulasitiki yake imalira mukaifinya, zilembo za mabatani zimakhala zotuwa kapena zopendekeka, ndipo pa mayeso a analogi aja imagwa. Mtengo wotsika kwambiri pa kontirola yomwe akuti ndi ya Sony yatsopano ndi umboni wokwanira woti ndi ya feki.

Za kuchedwa kwa kontirola, komwe mabokosi amakonda kudzitama nako, musatekeseke kwambiri. Polemba 1000Hz akutanthauza kuti kontirola imauza kompyuta zomwe mwadina ka 1,000 pa sekondi. Ya Xbox pa chingwe imachita ka 125, kutanthauza kamodzi pa mamilisekondi 8. Gemu yoyenda pa zithunzi 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi pafupifupi 17. Kusiyana kwa 125 ndi 1,000 kulipo, koma TV yosaikidwa pa Game Mode imachedwetsa kuposa pamenepo. Chomwe chimapweteka ndi Bluetooth yofooka yomwe imadukaduka, wosewera n'kumapitirira kuthamanga inu mutasiya kale. Pa laputopu, kontirola yobwera ndi ka dongle kake (kachipangizo kolowetsa pa bowo la USB kolandira mafunde) ka 2.4GHz imakhala yodalirika kuposa Bluetooth. Ka dongle kameneka kaikeni pa bowo la USB 2.0 kapena pa chingwe chowonjezera, chifukwa mabowo a USB 3.0, aja abuluu mkati, amatulutsa phokoso la magetsi lomwe limasokoneza mafunde a 2.4GHz. Poyesa m'shopu, chokani mamita atatu kuchokera pa makina, monga momwe mumakhalira pa mpando kunyumba.

Batire ndi gawo lomwe simungaliyese pa kauntala. DualShock 4 ili ndi batire ya 1,000mAh, DualSense ya 1,560mAh. Ya kampani yosadziwika ikhoza kulembedwa nambala yaikulu pabokosi mkati muli kabatire kochepa, ndipo zimadziwika pakapita milungu. Itchajeni pa PS4, pa laputopu kapena pa chaja ya mavoti 5 yodalirika, ndipo musaisiye pa chaja pomwe magetsi athima, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola. Chikuto chikayamba kutukuka kapena kutentha potchaja, siyani kuigwiritsa ntchito. Onaninso bowo lotchajira: USB-C ndi yolimba kuposa micro-USB, yomwe imagwedera ikakalamba. Ndipo kontirola ikakana kulumikizana ndi PS4 koyamba, musafulumire kuiweruza. Zingwe zambiri zotsika mtengo ndi zotchajira zokha, zilibe mawaya odutsa uthenga. Kwa munthu wokhala pafupi ndi TV, kontirola ya chingwe ya chilolezo, monga za Hori kapena Nacon, ndi chisankho chomwe anthu amachinyoza popanda chifukwa. Ilibe batire yoti ingafe, siduka mafunde, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Chofunika n'chakuti chingwe chikhale cha mamita atatu ndipo chisamakokedwe ndi ana odutsa.

Pa ndalama, musayerekeze mitengo ya lero yokha. Gawani mtengo ndi miyezi yomwe chinthu chingakhale. Kontirola ya theka la mtengo yomwe ingafe pa miyezi 6 ndi yodula kawiri kuposa ya mtengo wonse yomwe ingakhale zaka ziwiri. Ndipo galanti ya kampani ya kunja pano siikuthandizani kwenikweni, chifukwa kutumiza kontirola ku China kapena ku South Africa kungadye ndalama yoposa mtengo wake. Galanti yanu ndi shopuyo. Funsani masiku angati angakusinthireni ikavuta, ndipo alembe masikuwo pa lisiti pamodzi ndi dzina ndi nambala ya kontirolayo. Masiku 7 ndi okwana kuona za batire, za kudukaduka ndi za mabatani omata, bola muisewere tsiku lililonse sabata imeneyo. Wogulitsa wokana kuti muiyese komanso wokana kulemba masiku osinthira wakuuzani kale maganizo ake pa katundu wakeyo.

Kwa inu, ife tikadachita motere. Sabata ino tsukani analogi, ndipo ikapitirira kuyenda yokha, kasinthitseni kwa wokonza wodziwa, makamaka ndi ya Hall effect ngati ingapezeke. Imeneyo ikufikitsani pa PS5, yomwe idzabwera ndi DualSense yake m'bokosi. Ngati mukufuna kontirola yachiwiri ya alendo pa PS4, ya pashopuyo ikhoza kugulidwa ikapyola mphindi 15 zosaduka, analogi yake ikawerenga kuyambira pa manambala ang'onoang'ono, touchpad ikamva chala, ndipo lisiti likalembedwa masiku osinthira. Ikalephera chimodzi mwa ziwiri zoyambazo, isiyeni ngakhale atatsitsa mtengo. Ngati mumasewera kwambiri pa laputopu kuposa pa PS4, ndalama yomweyo iponyeni pa kontirola ya kompyuta ya kampani yodziwika, yokhala ndi XInput, Hall effect ndi ka dongle kake, ndipo mukafika nayo kunyumba yambani mwaiika firmware yatsopano kuchokera pa tsamba la kampaniyo musanatsegule gemu.